Lamulo Likatuluka, Amalipira Ndani? Phunziro pa Mliri wa Covid-19

Ambiri a ife amene timawerenga magazini ino mliri wa Covid-19 unatipeza tili kusekondale, ena tikadali kupulayimale. Timaukumbukira ngati nyengo ya tchuthi chosatha, ya masiki a chitenje ndi ndowa za madzi pakhomo pa golosale iliyonse. Phunziro lino likutibweza m'zaka za 2020 ndi 2021, ndipo tinyamula funso limodzi loyesera chilichonse chomwe boma linalamula: kuti munthu wamba atsatire lamulolo ankataya chiyani, nanga ndani ankamuthandiza kusenza? Lamulo lililonse la zaumoyo lili ndi mtengo wake. Kukhala pakhomo kumadya phindu la tsikulo. Kusamba m'manja kumadya sopo ndi madzi otunga kutali. Tikaulondola mtengowu tiona kuti pena boma linalipira, pena linalonjeza n'kuchedwa, ndipo kawirikawiri anaulipira ndi mnansi wa khomo loyandikana, yemwe dzina lake silinalembedwe paliponse.

Chifukwa chake maboma ankatseka

Tisanadzudzule aliyense, timvetse kaye vuto lomwe atsogoleri anali nalo. Matendawa anayamba kudziwika mumzinda wa Wuhan ku China mu Disembala 2019, ndipo pa 11 Marichi 2020 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti ndi mliri wa dziko lonse. Kachilombo kake kamayenda mumpweya womwe wodwala amatulutsa popuma, polankhula, poimba ndi potsokomola. Choopsa chake n'chakuti munthu amatha kupatsira ena iye mwini asanayambe kumva kudwala. Katemera kunalibe, mankhwala odziwika kunalibenso. Odwala ambiri ankachira okha, koma ena, makamaka achikulire ndi omwe ali ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ankabanika mpaka kufuna mpweya wa okosijeni. Anthu otere akadwala onse nthawi imodzi, mabedi ndi mpweya zimatha, ndipo amafa ngakhale omwe akanachira. Ndiye chida chomwe maboma anali nacho chinali chimodzi: kuchepetsa kukumana kwa anthu kuti matenda ayende pang'onopang'ono.

Kuno kwathu, pulezidenti wa nthawiyo a Peter Mutharika analengeza pa 20 Marichi 2020 kuti dziko lili pangozi, munthu ngakhale mmodzi asanapezeke ndi kachilomboko. Sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Marichi, misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa. Odwala atatu oyamba anapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo.

M'bindikiro womwe sunachitike

Pa 14 Epulo boma linalengeza m'bindikiro wa masiku 21, woyamba pa 18 Epulo mpaka pa 9 Meyi. Nthawi imeneyo odwala otsimikizika anali asanafike 20. Maiko ambiri anali atachita kale zomwezo, kuphatikizapo South Africa, ndiye kunena zoona ganizoli silinali lachilendo.

Tsono tiyeni tifunse funso lathu lija. Wogwira ntchito muofesi, wolandira malipiro pakutha pa mwezi, akanataya chiyani pa masiku 21? Mwina ufulu woyenda basi. Nanga mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe, yemwe ufa wa madzulo umachokera pa zomwe wagulitsa masana? Nanga wa kabaza, woyang'ana ganyu, wotchaja mafoni, wosoka nsapato pakhonde? Anthu otere alibe nkhokwe ya masabata atatu. Ambiri alibe ngakhale ya masiku atatu. Amakhala m'nyumba za lendi za chipinda chimodzi, amatunga madzi pampopi umodzi ndi mabanja ena makumi, ndipo chimbudzi n'cha onse. Kuwauza kuti asatuluke kunali kuwapatsa lamulo lomwe thupi lawo silikanatha kulisunga. Mavenda ku Blantyre ndi ku Mzuzu anatuluka m'misewu, ndipo uthenga wawo unali womveka: njala iwapha msanga kuposa kachilomboko.

Pa 17 Epulo, kutatsala tsiku limodzi, bwalo lalikulu la milandu ku Lilongwe, kudzera mwa Jaji Kenyatta Nyirenda, linapereka chiletso bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litakadandaula. Mu Seputembala chaka chomwecho bwaloli, litakhala ngati lounika malamulo oyendetsera dziko, linagamula kuti m'bindikirowo unali wosemphana ndi malamulowo, ndipo nkhani ya mmene osauka akanapezera chakudya inali m'gulu la zomwe oweruza anaziganizira. Akuluakulu amati walira mvula walira matope. Boma linalira mvula, koma matope linafuna kusiyira ena.

Chiletso chitatuluka, boma linalonjeza kuti mabanja osauka a m'mizinda azilandira K35,000 pamwezi. Ganizo linali labwino, ndipo ndilo linayenera kubwera patsogolo pa m'bindikiro osati pambuyo pake. Ndalamazo zinachedwa kwambiri, moti mabanja ambiri anaziona m'chaka cha 2021. Pakati pa lonjezo ndi malipiro panadutsa miyezi yomwe malonda anali atagwa, maganyu atasowa, ndipo anthu ankadyabe tsiku lililonse. Ankadya chifukwa wa pagolosale analola ngongole ya sopo ndi mchere, chifukwa mwini nyumba anadikira lendi, chifukwa a banki m'khonde anasuntha tsiku lobweza, chifukwa agogo kumudzi anatumiza thumba la chimanga pa lole. Zimenezi sizipezeka m'malipoti, koma funsani kwanu, mumva kuti banja lanu linali mbali imodzi ya zotere, yopereka kapena yolandira.

Pano ndinenepo maganizo anga. Bwalo linachita bwino, koma tisamafotokoze nkhaniyi ngati kuti kachilomboko kanagonja kukhoti. Chaka chomwecho kunali chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni, ndipo zipani zonse zinachititsa misonkhano ya anthu zikwizikwi pomwe ana anali atatsekeredwa kunja kwa makalasi. Odwala anachuluka mu Juni ndi Julayi. Munthu wamba anaona zimenezi n'kuphunzirapo kuti malamulo ndi a anthu ena, ndipo phunziro loipali linavuta kulifafaniza pambuyo pake.

Funso lokambirana: mukanakhala nduna ya zaumoyo mu Epulo 2020, mukanatseka chiyani n'kusiya chiyani, podziwa kuti kuthumba la boma mulibe ndalama zodyetsera aliyense?

Chitsanzo china chachidule. M'bindikiro wa ku South Africa utathetsa ntchito za Amalawi ambiri kumeneko, mabasi anayamba kuwabweza kudzera pachipata cha Mwanza. Kumapeto kwa Meyi 2020 anthu oposa 400 omwe anasungidwa pabwalo la zamasewero la Kamuzu ku Blantyre podikira zotsatira za kuyezedwa anathawa, akudandaula za chakudya, madzi ndi zimbudzi. Kuwapatula kunali koyenera. Koma wopatulidwa amafuna woti amubweretsere nsima. Atafika kwawo, ena anasalidwa ngati anyamula imfa m'zikwama. Ena anapeza achibale omwe anawakonzera chipinda chapadera, n'kumawaikira mbale pakhomo kwa masabata awiri. Ntchito yomwe inalephereka pabwalo lija, m'makomo ena inatheka ndi mbale imodzi ndi kuleza mtima.

Chifundo chitasintha maonekedwe

Gawo ili ndi lovuta, chifukwa likukhudza zomwe tinaleredwa nazo. Kwathu kuno chifundo chimaoneka ndi thupi. Wodwala timakamuzonda, timakhala pamphasa pake, timamugwira dzanja. Maliro akagwa timagona pasiwa, amayi amaphika, adzukulu amakumba manda, ndipo wosabwera amafunsidwa. Mliriwu unatembenuza zonsezi. Kuzonda agogo kunasanduka njira yowapititsira matenda. Kugwirana chanza pakhomo la tchalitchi, komwe ndi chizindikiro cha ubale, kunaletsedwa.

Mu Ogasiti 2020 boma linakhwimitsa malamulo: kuvala masiki pagulu kunakhala kokakamiza, wosavala ankayenera kulipira chindapusa cha K10,000, ndipo misonkhano, kuphatikizapo ya mapemphero, inachepetsedwa kufika pa anthu khumi. Atsogoleri a mipingo atadandaula kuti sanafunsidwe, chiwerengerocho chinakwezedwa kufika pa 100. Onani mtengo wa lamulo la masiki: K10,000 inali ndalama yoposa zomwe ambiri ankapeza pasabata, ndipo masiki a m'mafamase ankafuna kugula kawirikawiri. Omwe anachititsa kuti lamuloli litheke ndi matelala, omwe anayamba kusoka masiki a chitenje ochapa n'kuvalanso, pamtengo woti aliyense afikire. Chimodzimodzi lamulo losamba m'manja. Kumidzi linatheka chifukwa cha mpondagiya, kachigubu kopachika pamitengo kopondera ndi phazi, komwe alangizi a zaumoyo anali akuphunzitsa kale mliri usanabwere.

Pamaliro ndiye panali poŵaŵa. Thupi la womwalira ndi matendawa linkaikidwa mofulumira, azaumoyo akuyang'anira, popanda kusambitsa kapena kuona nkhope monga mwa mwambo. M'madera ena anthu analimbana ndi azaumoyo pofuna mtembo wa m'bale wawo. N'kosavuta kuwatcha osazindikira, koma taganizani zomwe ankalandidwa: mwayi womaliza wosonyeza chikondi. Apa boma silikanatha kulipira ndi ndalama. Analipira ndi anthu omwe anapeza njira zina zolirira limodzi: kutumiza chipepeso pafoni, kusiya nkhuni ndi ufa pachipata, kuimbira foni wamasiye sabata yachitatu ndi yachinayi, nthawi yomwe ngakhale m'masiku abwino anthu amakhala atabalalika. Abale ndi alongo omwe ankakhala kunyumba pa Sabata chifukwa akutsokomola, ngakhale mtima ukufuna kukapembedza, ankachitira chifundo okalamba a mumpingo, chifundo chosaoneka ndi maso chifukwa chipatso chake chinali maliro omwe sanachitike.

Januwale 2021: mabuku awiri a ndalama

Mliri unabweranso mwamphamvu pambuyo pa maulendo a Khirisimasi, ndi mtundu watsopano wa kachilomboko womwe unayamba kudziwika ku South Africa. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Pulezidenti wa nthawiyo a Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pangozi. Sukulu zinatsekedwanso, kuyenda usiku kuyambira 9 koloko kunaletsedwa, misonkhano inatsika kufika pa anthu 50. Bwalo la zamasewero la Bingu ku Lilongwe ndi nyumba ya boma ya ku Zomba zinasandutsidwa malo ogonekera odwala. Boma linalemba ntchito azaumoyo ena, ndipo tsiku lililonse linkalengeza chiwerengero cha odwala ndi omwalira. Izi ndi ntchito zomwe mnansi sangagwire ngakhale atakhala wamtima wabwino chotani.

M'masiku omwewo wodwala wina pachipatala cha Kamuzu Central analemba pa Facebook kuti masilinda a mpweya alipo, koma kachipangizo kolumikizira silinda ndi wodwala, kotchedwa flowmeter, kalibe, ndipo anapempha aliyense womva amuthandize. Anamwalira patapita masiku ochepa. Mlembi wa nthano ndi ndakatulo a Stanley Onjezani Kenani, omwe amakhala kunja, anayambitsa ndi anzawo thumba loti nzika zisonkhe. Anthu anaponya, a kuno ndi a kunja, ena ndalama zambiri, ena zochepa za pafoni. Zinagulidwa zipangizo za mpweya ndi zina zosowa m'zipatala. Chomwe chinakopa anthu n'chakuti ndalama zolowa ndi zotuluka zinkalengezedwa poyera, aliyense n'kumaona komwe kwacha yake yapita.

Ikani buku limenelo pambali pa lina. Boma linali litatulutsa K6.2 biliyoni yolimbanirana ndi mliri. Kafukufuku wa ofesi yolondoloza chuma cha boma, yemwe anatuluka mu Epulo 2021, anapeza kuti ndalama zambiri zinapita ku maalawansi ndi kugula katundu mosatsata ndondomeko. Pulezidenti anachotsa nduna imodzi, ndipo apolisi anamanga ogwira ntchito m'boma angapo (kumangidwa si kupezeka wolakwa, tisaiwale). Kumbukiraninso kuti mu Epulo 2020 anamwino ndi madokotala a pachipatala cha Gulupu ku Blantyre ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera. Munthu akaika zinthu zitatuzi pamodzi, wodwala wosowa kachipangizo, namwino wosowa chodzitetezera, ndi alawansi ya msonkhano wa kuhotela, mkwiyo umabwera wokha.

Komabe ndikuchenjezeni, anzanga, pa chiphunzitso chomwe ndimamva kawirikawiri, choti boma n'lopanda ntchito, tizingothandizana tokha. Zopereka za nzika zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi K6.2 biliyoni. Sizikanalipira anamwino mwezi ndi mwezi, sizikanayeza anthu m'maboma onse, sizikanabweretsa katemera. Zinatseka dzenje lomwe silinayenera kukhalapo. Chomwe thumba lija linatiphunzitsa ndi kalembedwe ka buku: ndalama ya anthu ikamaonetsedwa poyera, anthu amaponyanso. Ndipo phunziroli silikukhudza a ku Capital Hill okha. Likukhudza msungichuma wa kalabu yathu pakoleji pano, wa kwaya, wa gulu la achinyamata, ndi mphunzitsi wamkulu wa mawa yemwe adzasunge ndalama za chitukuko cha sukulu.

Funso lokambirana: gulu lanu litasonkhetsa ndalama zothandizira wodwala lero, wopereka angaone bwanji komwe zapita popanda kufunsa?

Katemera ndi mauthenga a pafoni

Katemera woyamba, wa AstraZeneca, anafika pa 5 Marichi 2021 kudzera m'ndondomeko ya COVAX, wokwana 360,000, ndipo pulezidenti anabayitsa pa 11 Marichi ku Zomba anthu akuona. Katemerayu anali waulere. Mtengo wake unali mantha. Mauthenga ankayenda pa WhatsApp oti amaletsa kubereka, oti wobayitsa afa pakatha zaka ziwiri, oti ndi chizindikiro cha chilombo. Mpingo wathu padziko lonse unali utanena kale mu 2015 kuti ulibe chifukwa cha chikhulupiriro choletsera anthu katemera, koma uthenga wa pafoni unkathamanga kuposa chikalata. Pa 19 Meyi 2021 unduna wa zaumoyo unaotcha poyera katemera 19,610 yemwe anatha mphamvu. Gawo lina la vutoli linali loti anafika atatsala masabata ochepa kuti athe ntchito, ndipo anamuotcha poyera kuti anthu asakayikire kuti akubayidwa wakutha.

Onani chodabwitsa: ambiri omwe ankatumiza mauthenga onama aja ankachita mwachikondi. Azakhali ankafuna kupulumutsa ana a mlongo wawo. Chimodzimodzi omwe ankabweretsera wodwala mandimu, jinja ndi masamba a bulugama ofukizira. Zimenezi zinkatonthoza pakhosi ndi mumtima, koma zikachedwetsa munthu wobanika kupita kuchipatala, zinkamulanda maola omwe mpweya ukanamuthandiza. Mtima wabwino wopanda chidziwitso unavulaza anthu. Wachifundo weniweni m'masiku amenewo anali yemwe anaimba 54747, nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni, asanatumize uthenga kwa ena, kapena mdzukulu yemwe anaperekeza agogo ake kukabayitsa n'kudikira nawo pamzere.

Za ife aphunzitsi a mawa

Ndakhalitsa pa zipatala, koma lamulo lomwe mtengo wake tikuulipirabe ndi lotseka sukulu. Zinatsekedwa pa 23 Marichi 2020. Makalasi olemba mayeso anabwerera pa 7 Seputembala, ena onse pa 12 Okutobala. Zinatsekedwanso mu Januwale 2021 mpaka pa 22 Febuluwale, ndipo zitatsegulidwa aphunzitsi a m'sukulu za boma ananyanyala ntchito pofuna alawansi ya chiopsezo.

Boma linayesa kuphunzitsa kudzera pawailesi ya MBC ndi pa intaneti. Funso lathu libwerenso: kuti mwana aphunzire pawailesi pamafunika chiyani? Wailesi, mabatire, ndi kholo lololera kuti mwana akhale pansi nthawi ya ntchito za kumunda. Pa intaneti pamafunika foni yamakono, magetsi otchajira ndi netiweki. Mwana wa mtauni wa makolo ophunzira anapitiriza. Mwana wa kumudzi anaima, ndipo ena anaimiratu. Sukulu kwa mwana wosauka ndi phala la m'mawa, ndi mpanda womuteteza, ndi chifukwa chomwe makolo amakanira wofunsira ukwati. Bungwe la Mary's Meals linayamba kupereka ufa wa phala kwa makolo kuti akaphike kunyumba, koma mpanda uja panalibe woupereka. Kafukufuku yemwe boma linatsogolera anapeza atsikana oposa 40,000 omwe anatenga mimba ndi maukwati a ana okwana 13,000 m'miyezi yomwe sukulu zinali zotseka. Pasukulu ya mpingo yomwe ine ndinaphunzira, titabwerera tinapeza madesiki angapo opanda eni, ndipo mayina awo anaitanidwa kwa sabata imodzi kapena ziwiri kenako anasiya kuitanidwa.

Dziko lino lili ndi ndondomeko, kuyambira m'chaka cha 1993, yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Pepala limeneli silipita lokha kukagogoda pakhomo. Omwe anabwerera anabwerera chifukwa amayi a m'magulu oyang'anira atsikana pasukulu anayenda wapansi kukalankhula ndi makolo, chifukwa mafumu ena anathetsa maukwati a ana, chifukwa agogo anavomera kulera khanda, ndiponso chifukwa mphunzitsi wina analetsa kalasi kuseka mtsikanayo tsiku loyamba. Boma linatsegula chitseko. Omugwira dzanja mwanayo kuti alowe anali anthu wamba.

Imfa zolembedwa za Covid-19 m'dziko muno zinaposa 2,600, ndipo WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti matendawa salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Koma kutseka sukulu sikunathere pomwepo. Mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda wa Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndipo mu Marichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anatseketsa sukulu zambiri m'chigawo cha kummwera. Aliyense wa ife amene akuphunzira zauphunzitsi adzalandira kalata yotere tsiku lina, yolamula kuti ana apite kwawo mawa.

Ntchito ya phunziro lino ndi iyi. Mukapita kokayeserera kuphunzitsa, tengani kaundula wa kalasi yanu. Pafupi ndi dzina lililonse lembani mmene mungamufikire mwanayo sukulu itatsekedwa mawa m'mawa: nambala ya foni ya kholo, ya mnansi, mudzi ndi dzina la mfumu, kapena mnzake woyandikana naye nyumba. Lembaninso ngati kwawo kuli wailesi. Mayina omwe atsale opanda kanthu pambali pake muwalembe papepala lapadera, mulipereke kwa mphunzitsi wa kalasiyo musanachoke.